Onse Anayankha Kuti Ayi

Inu amene mwatsala pang'ono kusiya zonse chifukwa anthu akukukayikirani, tamvani za Colette Beaudry wa ku Sudbury, tauni ya migodi kutsidya kwa nyanja.

Tsiku limenelo Pulofesa Whitcombe sanamupatse n'komwe mpando. Anangomwaza mapepala patebulo n'kumuyang'ana ndi diso loipa.

"Mayi Beaudry, mapepala onsewa akufanana. Ayi, ayi, ayi. Azibambo amene anagonthera kumgodi ndi phokoso la makina, onse akuti kusamva sikuwasokoneza pocheza ndi anzawo? Ndiuzeni zoona. Wayankha mafunsowa ndani?"

Colette anamvetsa tanthauzo lake. Pulofesayo ankamuganizira kuti anangokhala pakhomo n'kudzichongera yekha mayankho. Ku yunivesite mlandu umenewu ndi wochotsetsa sukulu, ndipo dzina lako limaipiratu.

Komatu uyu anali munthu woti anagwapo kale. Ali mtsikana analephera mayeso n'kusiya sukulu, ndipo anatha zaka zambirimbiri akuchapa nsalu zapachipatala. Anabwerera m'kalasi imvi zitayamba, anzake ali a msinkhu wa ana ake. Ntchito yomalizira digiri yake inali kupanga mafunso oyezera mmene vuto la kumva limawonongera macheza a anthu opuma ntchito kumigodi.

"Ndikukupatsani mpaka nyengo yachisanu ithe," anatero pulofesayo. "Mukalephera kundionetsa kuti mayankhowa ndi enieni, nkhaniyi ndikaitula kukomiti."

Colette anatuluka akukayikira aliyense. Mwina mlembi wa bungwe la opuma ntchito, amene anagawa mapepalawo, anachita ulesi n'kuwalemba yekha? Kapena azibambowo anapangana? Anakumbukira mmene anamulandirira tsiku loyamba kuholo yawo.

"Wakutuma ndani, mwana iwe? Kampani?" anafunsa wina.

"Akufuna atilande malaisensi a galimoto ameneyu," anatero mnzake.

"Ayi, akugulitsa timakina ta m'makutu. Mudzandiuza!"

Ndiye Colette anaganiza zoyesa mafunsowo pa munthu amene sangamubisire kanthu: bambo ake omubereka, a Armand, amenenso anapuma ntchito kumgodi. Amenewa ndiye kusamva kwawo kunali kosabisika. Akayatsa wailesi yakanema, ngakhale oyandikana nawo nyumba ankamva nkhani zonse.

Anawapatsa pepala ndi cholembera, iye n'kukhala pambali akuona.

Kodi mumavutika kumva anzanu mukamasewera makadi? A Armand anachonga ayi.

Kodi mumavutika kumva pa chakudya chakutchalitchi? Ayi.

Kodi mumavutika polankhula pafoni? Ayi.

Mtima unamuwawa Colette. "Ababa! Nanunso? Wakuuzani ndani kuti muziyankha chonchi?"

"Wati chiyani?"

"Ndati mukunama!"

"Iwe, usandikalipire m'nyumba mwanga muno. Ine wabodza? Wafunsa ngati ndimavutika kumakadi. Sindivutika. Ndivutika bwanji kumalo kumene sindipitako?"

Colette anayang'ananso papepalalo.

"Nanga kutchalitchi?"

"Ndinasiya. Foninso ndimangoisiya ikulira. Anthu ake atiwo ofuna ine?"

"Kumakadi munasiyiranji?"

A Armand anayang'ana pawindo. "Wina amalankhula kenakake, onse n'kufa nacho chiseko. Toivo amaseka akundiyang'ana ine. Sindine mwana, ndimadziwa kuti amandinena."

"A Toivo? Omwe aja anakutulutsani mumgodi mwala utakugwerani?"

"Yemweyo. Munthu amasintha."

Abale, Colette analira. Sabata iliyonse ankabwera ndi chitumbuwa cha nyama, n'kufunsa kuti muli bwanji, iwo n'kuti tili bwino. Sankadziwa kuti bambo ake atsala okhaokha. Palibe amene ananama pamapepala aja. Mafunso akewo ndiwo anali opunduka, chifukwa ankafunsa za malo amene anthuwo anathawako kalekale.

Anathamangira kwa pulofesa, koma uja sanagwedezeke.

"Nkhani yokoma," anatero. "Koma mboni yanu ndi bambo anu omwe. Mukufuna ndikhulupirire zimenezo?"

Wina akanataya mtima pomwepo. Colette anang'amba mafunso akalewo n'kuyambiranso. M'malo mofunsa kuti mumavutika pati, anayamba kufunsa kuti munasiya kupita kuti, munasiya kucheza ndi ndani, foni ikalira mumatani.

Sizinali zophweka ayi. Ankayenda nyumba ndi nyumba chipale chofewa cha nyengo yachisanu chili mbuu, akuyesa funso lililonse pa munthu wamoyo. Ena ankamutsekera chitseko. Ena ankamumwetsa khofi kenako n'kumunyoza.

"Funso ili ndi lalitali ngati ulaliki. Ndikamafika kumapeto ndaiwala koyambira."

Iye ankalifupikitsa.

"Mawu akuti wogontha uwachotse. Wogontha ndi agogo ako."

Ankawachotsa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'ono ndi pang'ono azibambo aja anaona kuti mayiyu sakugulitsa kanthu, ndipo palibe laisensi ya munthu imene yalandidwa.

Chisanu chitatsala pang'ono kutha, Colette anapempha pulofesa chinthu chimodzi. "Musakhulupirire ine. Bwerani kuholo, mugawe nokha mapepalawa, mutolerenso nokha."

Pulofesa anabweradi, nkhope ili gwa. A Armand nawo anabwera atachita kukokedwa, n'kukhala pakona, kutali ndi a Toivo.

Muholo munali zii, zolembera zokha zikuyenda. Mwadzidzidzi a Toivo anamenya tebulo.

"Iwe mwana wa Armand! Funso ili wakuuza ndani?"

"Liti, bambo?"

Analiwerenga mokuwa, monga amachitira anthu osamva bwino. "Kodi mumaseka nawo nthabwala imene simunaimve? Umandizonda eti? Inetu ndakhala ndikuseka chonchi zaka zonsezi. Anthu akaseka, ine ndimaseka nawo, n'kumayang'ana Armand kuti ndione ngati mnzangayo wamvako kanthu. Ndiye iye anangosowa osatsazika. Ndinkati wayamba kudzimva."

A Armand anaona anthu onse atatembenukira kwa iwo. Nkhope inasintha. "Akutinso chiyani za ine ameneyo?"

Colette anapita pafupi n'kubwereza mawu onse m'khutu mwawo. Mkuluyo anatembenukira kwa a Toivo.

"Chitsiru iwe," anakuwa. "Bwanji sunanene kuti nawenso makutu anafa?"

"Wati chiyani?" anafunsa a Toivo.

Holo yonse inaphulika ndi chiseko, ena akupukuta misozi.

Pulofesa Whitcombe anatolera mapepalawo n'kuwawerenga ali chiimire. Wina anali atasiya kwaya. Wina ankadya yekha m'galimoto pa ukwati wa mdzukulu wake. Ambiri mwa iwo anali omwe aja anayankha ayi poyamba. Pulofesayo anavula magalasi n'kupita kwa Colette, anthu onse akuona.

"Mayi Beaudry, ndinakuyesani wabodza. Ndinalakwa. Mundikhululukire."

Colette anamaliza digiri yake dzina lake lili loyera, ndipo lero ndiye amaphunzitsa ena kupanga mafunso. Ophunzira ake amawauza kuti munthu akakuyankha kuti ayi, usathamangire kumutcha wabodza, yamba wakayikira funso lako.

Inunso mwina lero akukuyesani wabodza pa chinthu chimene simunachite. Mwina munagwapo kale, ndipo anthu akungodikira kuti mugwenso. Zimawawa, sindikana. Koma musathawe kusiya dzina lanu m'matope. Bwererani pamene panalakwika, mukonze, kenako muitane wokukayikiraniyo adzaone ndi maso ake. Limbani mtima, m'bale wanga, musagonje.