Tsiku Limene Amayi Anatulukira pa Khomo Lalikulu

Ndinadzuka tambala asanalire. Ndinali nditagona pansi m'chipinda chochezera, pakati pa azimayi amene anachezera kuimba, ndipo panthawiyo ambiri tulo tinali titawagonjetsa. Mipando yonse tinaitulutsa tsiku lomwe amayi anamwalira, choncho chipindacho chinaoneka chachikulu kuposa mmene ndinkachidziwira. Ndinalumpha miyendo ya anthu mosamala n'kutulukira khomo lakuseri. Panja azibambo anali atazungulira zikuni za mupani, ena akuwodzera pamipando. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo kuno ku Chama mwezi umenewu kumatentha dzuwa lisanatuluke.

Nyumba ya amayi ili pafupi ndi msika wa pa boma. Ndi imodzi mwa nyumba zakale zochepa zimene zatsala. Anaimanga atate akadali mnyamata, dziko lisanalandire ufulu, pamodzi ndi mmisiri amene ankawaphunzitsa ntchito. Mwini wake woyamba anali wogula mpunga, ndipo atasamuka, atate ndi amayi ndiwo analowamo. Njerwa zake atate ndi mmisiri uja anaumba ndi kuotcha okha. Makoma ndi okhuthala moti pawindo munthu amakhalapo bwinobwino ngati pabenchi. Khonde limazungulira mbali zitatu, nsanamira zake ndi zanjerwa, denga lili patali. Masana, anthu akamapsa m'nyumba zatsopano za mabuloko, mwathu mumazizira ngati m'mtsuko.

M'mawa umenewo ndinaiyang'ana nyumbayo mtima uli m'mwamba. Alongo anga aakulu, amene amakhala ku Lusaka, anali atanena kalekale kuti malo ngati amenewa, oyandikana ndi msika, akuwonongeka ndi nyumba yokalamba. Iwo ankafuna kuigwetsa n'kumangapo mashopu. Amayi ali moyo sankayankha. Manje amayi kunalibe, ndipo alongo anali atandiuza dzulo lake kuti tikabwera kumanda tikhale pansi.

Kutangocha, moto unayaka pansi pa mitengo ya mango kuseri. Azimayi a kutchalitchi anakhazika migolo yoduladula pamafuwa, nyemba kwina, nyama ya mbuzi kwina. Anthu a ku Tembwe anafika panjinga atamangirira matumba a mpunga. A ku Kambombo, kumene ine ndimaphunzitsa, anabwera wapansi m'magulumagulu, fumbi litawafika m'mawondo. Lole ya ku Chifunda, kwawo kwa atate kumene anaikidwa, inafika itadzaza mpaka ena atakhala pamwamba pa mitolo ya nkhuni. Kenako kunabwera aphunzitsi, anamwino ndi a m'maofesi. Pabwalo pankamveka Chisenga, Chitumbuka, Chibemba ndi Chinyanja nthawi imodzi.

Ndikuyendayenda kulandira anthu, ndinaona kuti ambiri nyumbayo ankaidziwa kuposa mmene ndinkaganizira. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anaima pawindo la chipinda chakumapeto, akuuza anzake kuti mmenemo ndimo anagona miyezi itatu atangotumizidwa kuno, asakudziwa munthu aliyense. Azimayi a ku Chifunda sanafunse pokhala. Analunjika mbali ya khonde yoyang'ana kum'mawa, pamene amayi ankawagoneka akabwera kudzadikira masiku awo ochira pafupi ndi chipatala. Mmodzi anagwira dzanja la mwana wake, mayi wamkulu kale wokhala ndi ana akeake, n'kumusonyeza pansi pa nsanamira yachitatu. Pamenepo ndi pamene anabadwira, mvula italetsa ulendo wa kuchipatala. Alongo anga anali ataima chapafupi, akumva.

Amayi anasiya mawu amodzi okha okhudza maliro awo. Anati mtembo wawo ukachoka kuchipatala usapite molunjika kutchalitchi, uyambe walowa m'nyumba mwawo, ndipo utulukire pa khomo lalikulu lakumaso.

Galimoto yonyamula mtembo inafika dzuwa litakwera. Kulira kunabuka bwalo lonse. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi, anakwera masitepe atatu a pakhonde, n'kuima. Bokosi limene alongo anagula ku Chipata linali lalikulu, la zogwirira m'mbali, ndipo pakhomo silinkakwana. Anayesa kulipendeketsa, akuluakulu a mpingo anakana.

"Tingoliika pakhonde pano," alongo anatero. "Anthu aone nkhope pompano, nthawi ikutha."

"Adumbu, amayi anati alowe m'nyumba mwawo," ndinayankha. Adumbu ndi mmene timaitanira alongo kwathu kuno.

Wina anati abweretse chitsulo akanganule felemu yonse. Ndinaona alongo akugwedeza mutu ngati akuvomera, ndipo ndinadziwa kuti chitsulo chikangolowa pakhoma limenelo, nyumba yayamba kugwa.

Pamenepo nkhalamba ina inadzuka pakati pa azibambo, ikutsamira ndodo. Anali mmisiri amene anaphunzira ntchito kwa atate. Anafika pakhomo n'kugogoda thabwa lopapatiza limene lili pambali pa chitseko. Ine ndinakulira m'nyumba imeneyo ndikuyesa kuti thabwalo ndi lokongoletsa chabe, pakuti penti wa zaka zambiri anali atalimata ndi felemu.

"Ichi n'chitseko chachiwiri," anatero. "Ndipatseni mpeni ndi timafuta."

Anapala penti pamwamba ndi pansi mosafulumira, onyamula bokosi akudikira, thukuta likutsika. Panaoneka timipiringidzo tiwiri tachitsulo. Anadonthezapo mafuta ophikira, anagogoda ndi chigwiriro cha mpeni, kakumwamba kanatsika, kapansi kanakwera. Atakankha ndi chikhatho, chitseko cha mlombwa chinatseguka bwinobwino, osakhudza pansi ngakhale pang'ono.

"Atate anu ankati khomo la nyumba lizikwana mkwati polowa ndi bokosi potuluka," anauza alongo, n'kubwerera pokhala pake.

Amayi analowa m'nyumba mwawo. Tinawaika pakati pa chipinda chochezera, ndipo anthu anadutsa pamzere, kulowera kumaso, kutulukira kuseri. Mzerewo unatenga nthawi yaitali, koma palibe anakomoka ndi kutentha, chifukwa m'katimo munali mozizira monga mwa masiku onse. Ine ndinakhala kumutu kwa bokosi. Ndinkalira, koma mumtima ndinali wonyada. Nyumba ya atate inali italandira boma lonse osachotsapo njerwa ngakhale imodzi.

Titatulukira pa khomo lalikulu lija, alongo anauza woyendetsa galimoto kuti atsogole yekha, bokosi tinyamula pamanja mpaka kutchalitchi, ndipo iwo anagwira kutsogolo. Tinadutsa pakati pa msika. Ogulitsa mpunga ndi nsomba zouma anafunditsa malonda awo ndi zitenje n'kuimirira. Okonza njinga anaika zipangizo pansi, amuna anavula zipewa. Mapemphero sanatalike. Kumanda dzuwa linali paliwombo, kamvuluvulu anadutsa n'kutithira fumbi m'maso, koma azimayi a yunifolomu ya mpingo sanadule nyimbo. Tinawaika amayi pansi pa mtengo wa bwemba. Ndinaponya dothi langa pambuyo pa alongo.

Titabwerera, anthu anasamba m'manja pachipata, anadya, n'kuyamba kutsazika. A njinga ananyamuka msanga kuti mdima usawapeze m'njira. Lole ya ku Chifunda inachoka dzuwa litapendeka. Pofika madzulo panatsala achibale owerengeka, ndipo nawonso anali atagona kuseri chifukwa cha kutopa.

Ndinakhala pa masitepe a pakhonde, nsapato nditavula. Alongo ndinkawamva akuyenda m'nyumba, chipinda ndi chipinda, pang'onopang'ono. Anakhalitsa m'chipinda chimene ankagona ali mwana. Kenako anatuluka n'kudzakhala pambali panga. Ndinadikira nkhani ya mashopu, mayankho nditawakonza kale mumtima.

"Denga la kukhitchini lija ndaliona," anatero. "Malata awiri adyeka. Ndikafika ku Lusaka nditumiza ena mvula isanayambe."

"Mutumiza malata?"

"Nanga ufuna mudzinyowa? Ukhala muno ndiwe. Ine ndizibwera pa Khirisimasi, chipinda changa usapatse alendo."

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Kumsika anthu anali akutseka, phokoso likuchepa. Pamwamba pathu malata anayamba kuthetheka akuzizira, apa ndi apo. Mdima utayamba, alongo anadzuka, anapempha tsache, ndipo tinayamba kusesa chipinda chochezera kuti tibwezeremo mipando.