Mchere ndi Magazi a Falesi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinachotsetsa bambo anga pamudzi ndi liwu limodzi lokha. Tinkakhala m'munsi mwa phiri la Michesi, kwawo kwa amayi, popeza kwathu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Ababa anali a ku Chiringa. Ankalima, komanso ankapikula nandolo n'kumakagulitsa ku Migowi panjinga, ndipo dzuwa likawalowera ankagona komweko. Ana tinalipo awiri, ine Edina ndi mng'ono wanga Falesi wa zaka ziwiri. Pakati pathu panali wina amene anamwalira ali wakhanda.

Chaka chimenecho ndinali nditangotha msinkhu. Amayi akuluakulu amene anandilangiza anandiuza zambiri, koma nkhani imene anaibwerezabwereza inali ya mchere. Mkazi akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo. Aphike ndithu, koma pofika pamcherepo aitane kamwana kadzamuthirire. Akathira yekha, odya ndiwozo amadwala tsempho, amatupa miyendo, amawonda, mwina kufa kumene. Ndinkangogwedeza mutu, koma mumtima ndinkati zotopetsa bwanji.

Tsiku lina masana, amayi ali kumunda, ndinaphika ndiwo za nandolo. Ndinali kumwezi. Ndinaima pakhomo n'kuitana ana apafupi, koma onse anali atatsatira amayi awo kuphiri kotola nkhuni. Falesi anali m'tulo pamphasa. Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo ndinali choncho kuyambira kale. Njala inali itandipweteka, utsi ukundiluma m'maso, ndiye ndinangotapa mchere ndi zala, waa mumphika, n'kutakasa. Palibe anandiona. Tinadya tonse, ndipo Falesi ndinamudyetsa ndine.

Patapita masiku atatu mwana anadzuka akulira kulira kwachilendo. Manja ndi mapazi zinali zitatupa mpaka khungu kunyezimira, moti ukangomukhudza chala ankakuwa. M'maso mwake munali mwachikasu. Ine nditaona mapazi amenewo ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kukasanza.

M'mawa mwake amalume anga, mchimwene wa amayi, yemwenso anali mwini mbumba, anaitanitsa banja lonse pansi pa mtengo wa mango. Anati ili ndi tsempho, ndipo tsempho limabwera panjira ziwiri: mchere wothiridwa ndi mkazi amene ali kumwezi, kapena kholo limene lagona ndi munthu wina kunja n'kudzagwira mwana. Anayamba kufunsa akazi mmodzimmodzi. Amayi anakana, amayi aang'ono anakananso. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe Edina? Paja wakula tsopano. Sunakhudze mchere?"

Ndinayang'ana nyerere zimene zinkakoka kanjere ka chimanga pafupi ndi phazi langa. Ndinkaopa chikwapu, koma koposa ndinkaopa kutchedwa wakupha mng'ono wake.

"Ayi," ndinatero.

Maso onse anasamukira kwa ababa. Amalume anati, "Alamu, sabata yatha munagona ku Migowi masiku awiri. Munagona kuti?"

"Pakhonde la sitolo, pamodzi ndi matumba anga. Tumani munthu akafunse."

Palibe anatumidwa. Nkhani inakokana mpaka dzuwa kupendeka, amayi akungolira, amalume akukumba ndi zakale zomwe. Pomaliza anawauza ababa kuti ayambe apita kwawo, mwana asafere m'manja mwawo. Ababa anamanga bulangete, khasu ndi kawayilesi kawo pakaliyala ya njinga. Asananyamuke anandiitana n'kuti, "Edina, uzimuyang'anira mng'ono wako." Ndinalephera kuwayang'ana kumaso, ndinangoyang'ana tayala la njinga.

Patatha sabata ziwiri Falesi anachira, ndipo amalume ankayenda akunena kuti mwaona, wochimwa wachoka, mwana wadzuka. Ine kuyambira pamenepo mchere ndinkauopa ngati moto. Ngakhale masiku abwinobwino ndinkaitana mwana kudzathira. Koma itafika nyengo yozizira, ya chiperoni, matenda aja anabweranso mwamphamvu kuposa poyamba. Ababa kunalibe, mchere sindinakhudze, koma Falesi anatupa, m'kamwa ndi m'zikhatho mutayera mbuu. Ulendo uno amayi sanadikire bwalo la amalume. Anabereka mwana ulendo wa kuchipatala, ine ndikutsatira pambuyo nditasenza mtolo wa zofunda ndi timiphika.

Kuchipatala anati magazi amuchepera. Anamutenga magazi pang'ono okayeza, kenaka anamuika magazi ena. Tsiku lachiwiri anamwino anandituma kukatenga pepala la zotsatira kuchipinda choyezera. Ndinapezamo mayi wina wamfupi, wovala gawuni loyera, atawerama pa mayikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Atamva kuti ndine mkulu wake wa Falesi, anandiyang'ana kanthawi n'kundifunsa kalasi. Ndinati sitandade eyiti.

"Ndiye ndiwe wamkulu. Bwera udzaone chimene chikuvuta mng'ono wako."

Anayamba waika kagalasi kopakidwa magazi a munthu wabwinobwino. Nditatsinzina diso limodzi n'kusuzumira, ndinadabwa. Ine ndinkayesa magazi ndi madzi ofiira basi, koma m'menemo munali tinthu tambirimbiri tozungulira, tolowa pang'ono pakati ngati timbale. Mayi uja anati amenewo ndi maselo. Anandifotokozera modekha kuti thupi lonse linamangidwa ndi maselo monga nyumba imamangidwira ndi njerwa, kungoti izi ndi njerwa zamoyo. Selo iliyonse ili ndi kakhungu kopyapyala kosankha choti chilowe ndi choti chituluke. M'kati mwake muli madzi olenda mmene ntchito zake zimachitikira, ndipo pakati pali kachibulunga kotchedwa nyukiliyasi, kosunga malangizo onse a mmene thupi la munthu lipangikire. Theka la malangizowo limachokera kwa bambo, theka kwa mayi. Maselo ofiira a magazi, anatero, amapangidwa m'mafuta a m'mafupa motsatira malangizo omwewo, ndipo akakhwima amataya nyukiliyasi kuti adzaze chinthu chonyamula mpweya chotchedwa himogulobini. Amakhala ofewa, moti amapindika n'kudutsa ngakhale m'timitsempha tating'onoting'ono.

Kenaka anasintha kagalasi. "Awa ndi a Falesi."

Ozungulira analipo, koma pakati pawo panali ena opindika, osongoka mbali zonse ngati chisikilo chomwetera udzu. Mayi uja anati himogulobini wa Falesi anapangika molakwika. Mpweya ukachepa m'thupi, kaya chifukwa cha kuzizira, malungo kapena ludzu, amauma n'kupinda selo yonse. Maselo opindikawo amakodwa m'timitsempha ta m'manja ndi m'mapazi, magazi n'kulephera kuyenda, ndiye kutupa ndi kupweteka kuja. Amafanso msanga, n'chifukwa chake magazi amamuchepera ndipo maso amachita chikasu. Matendawa anawatchula kuti sikoselo.

Ine ndinafunsa, "Nanga munthu akathira mchere ali kumwezi?"

Sanandiseke, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo. Anati, "Mwanawe, mchere sungapinde selo. Falesi anabadwa nazo izi. Bambo ako ali ndi theka la vutoli, mayi ako ali ndi theka lina, onse osadziwa chifukwa theka lokha silidwalitsa. Mwa Falesi matheka awiriwo anakumana. Palibe anachimwa."

Mwina mukuganiza kuti ndinapepukidwa. Ayi ndithu. Ndinatuluka m'chipinda muja mtima ukulemera kuposa mmene ndinalowera. Kwa miyezi yonse ija ndinkadziona ngati wodwalitsa mwana, ndipo tsopano ndinamva kuti sindinamudwalitse. Koma ababa anali ku Chiringa, ndipo chimene chinawapititsa kumeneko sichinali m'kagalasi kalikonse.

Atatitulutsa m'chipatala, ndinawaululira amayi tili panjira, za mchere ndi za bodza langa. Anaima, anakonza nsalu yoberekera, osandimenya, osandikalipira. Anangoti, "Loweruka upite ku Chiringa. Ukawauze wekha."

Ndinawapeza ababa akumata tayala la njinga pansi pa mtengo. Anali atawonda. M'khitchini munali mayi wina wachilendo akusefa ufa, ndipo sindinachite kufunsa kuti ndi ndani. Ndinagwada n'kunena zonse ndikulira. Kenaka ndinatola kamtengo n'kujambula pansi selo yozungulira, pambali pake yopindika, n'kufotokoza monga anandifotokozera mayi wa kuchipatala uja. Ababa sanapite patali ndi sukulu, koma anamvetsera osandidula. Analoza chojambula chopindikacho ndi sipanala.

"Theka langa, theka la amayi ako?"

"Eya, ababa."

"Ndiye bwanji ndinachoka ndekha?"

Kenaka anawonjezera kuti, "Ukananena tsiku lija akanakumenya pachabe, mwana wanga. Koma ine ndikanagona m'nyumba mwanga." Anandipatsa nthochi ndi kathumba ka mtedza kuti ndikampatse Falesi, n'kundikweza panjinga mpaka pamsewu. Amayi atawatumizira uthenga kuti abwerere, ababa anayankha kuti munthu amene anatchedwa wachigololo pabwalo sangakhalenso pamudzi pomwepo. Amalume sanapepese mpaka anamwalira.

Falesi alipo. Amasoka zovala ku Migowi, amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo nyengo yozizira ikafika tonse timakhala tili tcheru. Ababa ankabwera kudzamuona akagonekedwa m'chipatala, koma pakhomo pathu sanapondeponso. Ine ndisanakwatiwe ndinakoka bwenzi langa kukayezetsa magazi, iye akudandaula njira yonse kuti ndi zachilendo. Anandipeza ndi theka lija, iye alibe.

Tsopano ndikumvetsa kuti tsiku lija pansi pa mango tonse tinkafuna munthu womuloza chala, chifukwa chimene chinkazunza mwana chinali chaching'ono kwambiri moti maso athu sakanachiona. Matendawo sanabwere ndi munthu, zimenezo ndinaziona ndekha pakagalasi. Koma kuchoka kwa ababa kunabwera ndi anthu, ndipo woyamba pamzerewo ndinali ine, ndi "ayi" wanga uja. Lero ndimathira mchere tsiku lililonse, ndipo ana anga aakazi ndinawauza kuti azithira osaopa. Kungoti nthawi zina ndikautapa, dzanja limaima pamwamba pa mphika, n'kuona njinga ya ababa ikutsika njira ya ku Chiringa, khasu litamangidwa kumbuyo.