Mtsikana Amene Analumpha Chilimira

Othawa nkhondo a ku Mozambique atafika kwathu, kutsidya lakum'mawa kwa nyanja, sanawatsekere mu msasa ngati kwina. Ambiri ankalankhula Chiyao chathu chomwechi, ena anali ndi abale pakati pathu, choncho anangowaloza malo kuseri kwa mudzi, cha kuphiri, n'kumangako tinyumba taudzu. Ife atsikana tinkakumana nawo pamjigo ndi kunkhuni. Ena mwa anzanga anaphunzira kwa iwo mawu otukwana a Chipwitikizi. Ine ndinaphunzira mpira wamiyendo.

Anandiphunzitsa ndi mtsikana wa msinkhu wanga, wochokera kumapiri a kutali ndi madzi. Anali wamfupi, wamakani, ndipo ankamenya ndi mwendo wamanzere. Anakulira pakati pa alongo ake okhaokha, nkhondo n'kumulanda onsewo, koma kamenyedwe kawo kanatsala mwa iye. Pansi pa chitenje ankavala kabudula wa mmodzi wa iwo. Masiku amenewo mkazi kuoneka poyera ndi kabudula unali mlandu, ndiye ife enafe tinkathamanga ndi madiresi, titakwinyira m'chiuno, dzanja lina likugwira nsalu kuti mphepo isatichititse manyazi. Yesani kudutsa munthu ndi mpira dzanja limodzi lili pa diresi, mudzandiuze.

Tinkasewera ndi mpira wachikulunga pa bwalo lamchenga wolimba, kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. M'mudzi monse malo osalala anali okhawo. Mbali ina ya bwalo lomwelo ndi imene amalume anga, mlongo wawo wa amayi, ankayalapo chilimira chawo akafuna kusoka. Chilimira ndi ukonde waukulu wogwirira usipa pakati pa nyanja, ndipo cha amalumewo chinkadyetsa mabanja ambiri, lathu lomwe. Iwo sankatiletsa kusewera. Ankangotiyang'ana n'kupukusa mutu, nthawi zina n'kuseka ndikagwa.

Kenako inamveka nkhani yoti ku Mozambique nkhondo yatha, ndipo malole abwera kudzatenga anthu. Palibe ankadziwa tsiku, koma aliyense ankadziwa kuti si kutali. Mnzanga uja ndiye anabwera ndi ganizo lakuti tisanasiyane tisewere mpira weniweni: atsikana a m'mudzi mbali ino, atsikana a kuphiri mbali inayo, zigoli zamitengo, woimbira wake, anthu oonerera. Anati amenewo adzakhala Malawi ndi Mozambique. Nthawi imeneyo sitinali titamvapo kuti dziko lingakhale ndi timu ya akazi, ndiye tinangodzisankha tokha. Anzanga anandiika ine kukhala wotsogolera, mwina chifukwa cha pakamwa. Tinagwirizana za Lachisanu, anthu akatuluka mu mzikiti.

Sindinafunepo chinthu ngati mmene ndinafunira mpira umenewo. Ndinkafuna kuti anthu aone kuti zimene tinkachitazo si masanje, komanso ndinkafuna kumugonjetsa mwini wake amene anandiphunzitsa, anthu akuona.

Kutatsala pang'ono kuti Lachisanulo lifike, tikukonzekera, mpira unathawira mbali ya amalume. Chilimira chinali choyala, alovi, ndiye kuti anyamata opalasa ndi kukoka ukonde, atakhala m'mbali akusoka. Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti mkazi salumpha ukonde. Palibe amakuuza, umangokula ukuzungulira, monga mmene umazungulirira Msilamu amene akuswali. Akuti mkazi akaulumpha mankhwala ake amasukuluka, nsomba n'kuuthawa. Koma mnzangayo anali wa kumapiri. Zaka zonsezo ankauzungulira chifukwa choti ife tinkauzungulira, osadziwa chifukwa chake. Tsiku limenelo maso ake anali pa mpira basi. Anathamanga, n'kulumpha pangodya pa chilimiracho bwinobwino osachikhudza n'komwe, n'kubwerako ndi mpira wake akuseka.

Alovi anasiya kusoka. Amalume anadzuka pamene anakhala, n'kuyang'ana ukondewo nthawi yaitali, ngati wabooka. Sanakalipe. Anangoti, "Basi, atsikana pabwalo pano ayi, kufikira nsomba zitationetsa kuti palibe chaonongeka."

Ndikanakonda akanakalipa. Munthu wokalipa mawa amaiwala.

Ndipotu mwezi unali ukukula, mwera nawo unali utayamba kuomba. Usipa amaugwira ndi nyali, ndipo kukawala mwezi subwera. Mwera ukakwiya bwato silipita patali. Izi ankazidziwa aliyense, ngakhale ana oyamba kumene sukulu. Chaka chilichonse nyengo ngati imeneyo alovi ankabwerako ndi kansomba kosakwana ndiwo, anthu n'kungoti nyanja yatseka. Koma chaka chimenecho mwezi unalibe mlandu, mwera unalibe mlandu. Mlandu unali wa miyendo ya mtsikana mmodzi. Maukonde a anthu ena, amene sanawalumphe aliyense, ankabweranso opanda kanthu, koma nditanena zimenezi pamjigo amayi ena anandiyankha kuti tsoka limapatsirana.

Ndinapita kwa amalume. Ndinagwada monga mwa mwambo, ngakhale mumtima ndinali chiimire. Ndinawafotokozera kuti mnzangayo sankadziwa, kuti malole ali pafupi, kuti tikungopempha masana amodzi okha, chilimira atachipinda n'kuchiika kutali. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chifukwa anali munthu waulemu. Kenako anandiuza kuti iwo paokha alibe nazo vuto, koma alovi akana kukwera bwato ngati atsikana abwerera pabwalopo ukonde usanatsirikidwenso. Munthu wotsirika maukonde anali atapita ku Monkey Bay kwa mwana wake wodwala. Abwera liti? Abwera. Ndinawafunsa ngati zotsirikazo amazitchula akamaswali. Apo ndiye ndinaonjeza, ndipo anandiuza kuti ndinyamuke.

Amayi anandilangiza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawayankha kuti nkhonoyo ili ndi lole yoidikira. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kupeta.

Tinayesa kwina. Kusukulu kunali bwalo, lokhota koma bwalo ndithu. Aphunzitsi aakulu anatiuza kuti la miyendo ndi la anyamata, ife tili nalo la ntchemberembaye, ndipo sakufuna kuti akuluakulu a boma amve zoti pasukulu pawo atsikana akuponya miyendo m'mwamba. Tinayesa pamchenga wa m'mphepete mwa madzi, koma mpira unkangotitimira, ndiponso paliponse panali ukonde wa munthu, moti tinkathamanga ndi mantha. Tinayesa m'munda wokolola kale cha kuphiri. Ziputu zinang'amba phazi la mtsikana wathu wapagolo, ndipo mayi ake anabwera kudzatukwana kwathu. Atsikana ena anayamba kuletsedwa ndi makolo awo. Timu yanga inkachepa tsiku ndi tsiku ine ndikuona.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mnzanga uja anasiya kulimbana nazo. Mayi ake anali atamumenya, osati chifukwa chokhulupirira za ukondezo, koma chifukwa cha manyazi. Anthu anatisunga zaka zonsezi, anatero mayiwo, ndiye tichoke titawaphera nsomba? Anamutenga n'kupita naye kwa amalume kukapepesa. Amalume anawalandira bwino, anawapatsa mkeka, anati palibe mlandu, mwana sankadziwa. Koma bwalo sanatsegule. Kuyambira tsiku limenelo mtsikanayo ankayenda chozolika m'mudzi, ndipo akaona ukonde ngakhale uli patali ankakhota njira. Ndinamupeza pamjigo n'kumuuza kuti tisagonje, tikasewere ngakhale atatuatatu pamsewu.

"Iwe utsala kuno," anandiyankha. "Ine sindikufuna kuti akamatikumbuka azikumbuka zimenezi."

Ndinamukwiyira, ndipo ndinamuuza kuti ndi wamantha. Anasenza ndowa yake n'kumapita.

Lachisanu lathu linadutsa, linanso n'kudutsa. Wotsirika uja sanabwere. Tsiku lililonse m'mawa ndinkatsikira kudoko kukaona zimene mabwato abweretsa, ine amene ndinali ndisanasamalepo za nsomba. Ndinkasuzumira m'bwato la amalume ngati mwini ukonde, kupempha Mulungu kuti usipa ubwere, osati kuti tidye, koma kuti ndisewere mpira. Alovi ankandiseka.

Malole anafika m'mawa wina popanda chenjezo lenileni. Pofika masana kuphiri kuja kunali kutatsala tinyumba topanda zitseko ndi agalu osowa eni ake. Ndinathamangira pamsewu ndipo ndinamupeza atakwera kale, atakhala pamtolo pakati pa mitondo ndi nkhuku. Tinagwirana manja, iye pamwamba ine pansi. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma amene anatuluka ndi akuti tikanakuchinyani. Anaseka koyamba chichitikireni za ukonde zija, n'kunena kuti ndikunama. Lole inanyamuka, ndipo sindinamuonenso kapena kumva za iye.

Mwezi utachepa, mwera n'kugona, usipa unabwera wambiri moti mathandala anachepa, wina ankauyanika pamadenga. Ukonde uja sunatsirikidwe n'komwe. Ndinkayembekezera kuti wina anena kuti tinalakwitsa, koma anthu anati mwaona, alendo angochoka nsomba zabwera. Amalume ananditumizira uthenga kuti tsopano atsikana akhoza kubwerera pabwalo. Tikasewere ndi yani? Anzanga awiri anali atalowa kale ku chinamwali, ndipo potuluka anauzidwa kuti zothamangathamanga zatha. Chaka chotsatira inenso anandipezera mwamuna.

Papita zaka zambiri. Ndili ndi ana akuluakulu, ndipo bondo langa limadziwa mvula isanabwere. Amalume anakalamba, chilimira anasiyira ana awo, ndipo amakhala pakhonde ndi wailesi tsiku lonse. Ulendo wina nditapita kukawaona ndinawapeza atakweza wailesiyo mpaka kumapeto. Timu ya amayi ya dziko lathu inali kunja, ikusewera ndi dziko lina. Ankawadziwa atsikanawo mayina onse, ankadziwa wothamanga ndi waulesi, ndipo ankalangiza mphunzitsi wawo ali pakhonde pomwepo. Anandikodola kuti ndikhale pansi ndisasokose. Athu atagoletsa, nkhalambayo inadzuka popanda ndodo, kofia n'kugwa, ikuti ana athu, ana athu.

Atakhalanso pansi, akupuma movutikira, ananditembenukira ndi nkhope yokoma, yopanda chinyengo chilichonse. Ndinaona kuti sakunditonza. Anaiwaladi.

"Koma iwe," anatero, "unkathamangatu bwino uli mwana. Bwanji sunapitirize mpira?"