Kaseti ya achimwene a Wongani

Mwaswera bwanji nonse?

Lero ndikukonza m'chipinda kuno ku Area 23 ndapeza kaseti imene malemu achimwene a Wongani anandijambulira m'ma 90 muja, asanapite ku Joni. Nthawi imeneyo ndinkaphunzira gitala, koma ndinalibe wondimenyera rizimu. Iwo anakhala pakhonde masana onse akumenya rizimu pagitala n'kudzaza mbali zonse ziwiri za kasetiyo, kuti ine ndiziyeserera lidi pamwamba pake. Atachoka ndinkaimba nayo ndekha Loweruka lililonse. Monga mukudziwa, sanabwererenso.

Ndapita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi ku Kaliyeka, ndipo yalira ndithu. Pakatikati gitala ija yangoima, achimwene n'kutsokomola, kenako akuti, "Iwe Chimango, lowa apa ndi lidi, ukudikira ndani?" Ndinali nditaiwaliratu kuti muli mawu awo. Kenako bambowo aizimitsa okha.

Akuti angathe kuisamutsira pafoni, koma tepi yafooka, mwina iduka ikazunguliranso. Tiwonge, mwana wa achimwene, sanamvepo mawu a bambo ake chibadwire. Ndimuitane adzakhalepo poyesapo, kapena ndingoisunga momwemo? Alamu, makamaka inu mayi ake a Tiwonge, mukuti bwanji?