Tinakwera Phiri pa Tsiku Lowokera Fodya

Ine ndine munthu wa pachidikha. Ndinabadwira kwa Mwase, kumene dziko linangoyalidwa ngati mphasa. Phiri la pa Boma ndinkaliona tsiku lililonse kuyambira ndili mwana, koma kukwera ayi. Kumwambako kulibe munda. Ndikanakatengako chiyani?

Akazi anga ndi a kumpoto, kumalire ndi Mzimba. Kwawo ukangotuluka m'nyumba wakumana ndi phiri. Ndinawatenga chitengwa, anakhala nane zaka zambiri osadandaula. Mwa apo ndi apo ankangoti, "Dziko lanu lino linagona chagada."

Maso awo anayamba kuvuta m'zaka zija za makuponi a feteleza. Zinayamba ndi kupunthwa. Kugunda ndowa, kuponda mwanapiye. Koma munthu akamabwera patali pamsewu ankamuzindikira ine ndisanamuone. Kuchipatala adokotala anati si ng'ala yoti nkuchotsa. Anati kuona kukutsekeka kuchokera m'mbali, ndipo komwe kwapita sikubwerera. Anatipatsa mankhwala odonthezera. Diso lakumanzere linatha m'chilimwe chimodzi. Linatsala lakumanja. Akazi anga anandifotokozera bwino kuposa adokotala.

"Zili ngati ndikusuzumira m'bango. Ndipo bangolo likunka lichepa."

Tsiku lina tikuthirira nazale ya fodya kudambo, anaima ndi keni m'manja, nkhope ataloza kuphiri.

"Abambo, pamwamba paja kwathu kumaoneka?"

"Sindidziwa."

"Anthu amati kumaoneka."

"Anthu amanena zambiri. Ngati mwasowa kwanu, minibasi zilipo."

"Ndinapitako chaka chatha, munandiperekeza ndinu. Ndinaona chiyani? Tsamba limodzi. Mwala umodzi. Phiri ukaliyandikira silikwana m'bango. Limakwana likakhala patali."

Anapitiriza kuthirira. Sanabwerezenso. Ine ndi amene nkhaniyo inandikhala pamtima.

Vuto linali njira. Munthu amene saona mapazi ake sungamukweze paliponse. Panafunika njira yosatsetsereka, yopanda miyala yogubuduka, yokhala ndi popumira. Ndinalibe woti ndimufunse. Anzanga onse anali ngati ine, anthu oyang'ana pansi pomwe pali khasu.

Mpata unapezeka wokha. Makuponi atatuluka tinapita kudepoti pa Boma kukadikira feteleza. Mzere wake sunkayenda. Galimoto ibwera mawa, mawa lake ibwera mkuja. Anthu ankaika thumba lopanda kanthu pamzere, nkulitsindira ndi mwala, eni ake nkukakhala pamthunzi. Nane ndinaika langa. Kumbuyo kwanga kunali bambo wina wa ku Njombwa, wamkamwa mosapuma. Ndinamuuza kuti mzere ukasuntha azikankhako mwala wanga.

"Inu mukupita kuti, achimwene?"

"Kuphiri."

"Kuphiri? Mwamva kuti kumeneko akugawa feteleza wa chitowe?"

Ndinamusiya akuseka.

Njira yoyamba imene ndinapeza inali ya amayi otola nkhuni. Imeneyo siizungulira. Imangolunjika kumwamba ngati makwerero, mizu ili pamtunda, ndipo pena umakwera ndi manja. Ndisanafike pakati, mpweya unandithera. Ndinakhala pansi. Amayi atatu anatsika ndi mitolo pamutu, akuyenda ngati ali pabwalo.

"Abambo awa asochera," anatero woyamba. "Feteleza ali kumunsi, atate."

"Musawanene, mwina akusaka mkazi wachiwiri."

"Ndi mpweya umenewu? Woyambayo ndiye akupirira."

Ndinadikira amalize. Kenako ndinanena zomwe ndinkafuna. Ndinati ndili ndi munthu amene saona pansi, akufuna kufika pamwamba. Kuseka kunatha. Wamkulu pa atatuwo anatula mtolo wake nkuutsamiza pamtengo.

"Ino ayi, ikupherani munthu. Ya opemphera ayinso, ili ndi timiyala toterera. Zungulirani kuseri, kumene kumatulukira dzuwa. Kuli njira ya ng'ombe. Ng'ombe siikwera pomwe ingagwe. Ikakathera pamtengo wa mkuyu, kuchokera pamenepo mukadzionere nokha."

Mawa lake ndinabwera ndi chikwanje. Ndinayamba ndaona mwala wanga pamzere. Unali utasuntha mapazi asanu. Ndinazungulira kuseri kwa phiri ndipo njira ya ng'ombe ija ndinaipeza. Inali yaitali, yokhotakhota, koma yofatsa. Mkuyu unalipodi, pansi pake pali mwala wabwino kukhalapo. Kupitirira pamenepo kunali udzu wouma ndi minga basi.

Ndinagwira masiku anayi. M'mawa kuonekera pamzere, kenako kuphiri. Ndinkadula minga, kukankhira miyala kumbali, kuyesa mbali iyi, kubwerera, kuyesa inayo. Pena ndinkatseka diso limodzi, linalo nkusuzumira m'chibakera, kuti ndidziwe mmene iwo adzayendere. Ndinagwa kawiri. Pomwe ndagwa ndinkakonzapo.

Kumtunda kuja kunali zii. Phokoso la pa Boma linkafika lofooka ngati la m'tulo. Nyenje zokha ndi zimene zinkalira, kulira kosalekeza kuja mpaka umaiwala kuti zikulira. Ndinkapuma pamthunzi, maganizo nkumangoyenda okha. Ndinkakumbukira tsiku limene ndinakawatenga kwawo, atakhala kumbuyo kwa lole, akuyang'ana mapiri awo akuchepa. Nthawi imeneyo ndinkayesa akuyang'ana fumbi.

Tsiku lachinayi ndinafika pamwamba. Pali thanthwe lalikulu lathyathyathya. Ndinaimapo nkuyang'ana kumpoto.

Kunalibe kanthu. Utsi wokhawokha. Inali nyengo yotentha tchire, fumbi ndi utsi zitasakanikirana, dziko lonse lili mbuu. Boma lenilenilo pansi panga linkaoneka ngati lamira m'madzi otsukira mbale. Masiku anayi, njira yabwino, yokafika poti palibe choona.

Pambali pa thanthwelo panali mkulu wina atagwada, Baibulo lili pamwala. Atamaliza kupemphera anandiyang'ana.

"Mwataya chiyani?"

"Mapiri a kumpoto. Amaoneka pano?"

"Amaoneka, koma osati mwezi uno. Dikirani mvula yoyamba yeniyeni, ija yolowa pansi. Imatsuka mlengalenga. Mubwere m'mawa mwake. Mukachedwa tsiku limodzi kapena awiri mupeza mitambo yakhalapo, njira yaterera, udzu wayamba. Apo ayi mudikire mvula ithe, nthawi yokolola."

Nthawi yokolola inali kutali miyezi isanu. Paja diso lakumanzere lija silinadikire miyezi isanu, nanga lakumanjali?

Koma m'mawa wotsatana ndi mvula yoyamba, mlimi wa fodya aliyense amaudziwa. Ndi tsiku lowokera. Mbande zimazulidwa kunazale nthaka ikadali yonyowa, zilowe m'mizere dzuwa lisanaumitse. Tsiku limenelo ngakhale wodwala amadzuka. Ukaliphonya uwokera m'dothi louma, ukuthirira phando lililonse ndi keni, ndipo zambiri zimapsa.

Ndinatsika. Kudepoti galimoto inali itafika. Wa ku Njombwa uja anandikuwira ndili patali.

"Thamangani, achimwene! Mwala wanu watsala pang'ono kusainira thumba!"

Feteleza ndinatenga. Kunyumba sindinanene kanthu za phiri.

Mvula inabwera patapita milungu iwiri. Inayamba masana, mphepo patsogolo, kenako inakhuthuka mpaka madzulo. Madzi anaima m'mizere. Kutacha, mudzi wonse unali panjira ya kudambo, mabeseni pamutu. Kumwamba kunali koyera ngati mbale yatsopano. Phiri linkaoneka pafupi, mtengo uliwonse pawokha.

Ndinatulutsa njinga. Ndinamanga chitenje pakaliyala nkuitana akazi anga.

"Kwerani."

"Tikupita kunazale pa njinga?"

"Kuphiri."

Anatembenukira kudambo. Kenako anati, "Abambo, fodya."

"Ndamuona. Kwerani."

Panjira tinakumana ndi akulu anga, amene munda wawo unagundana ndi wanga. Anali ndi beseni la mbande paphewa, matope mpaka m'mawondo.

"Alamu adwala? Mukupita kuchipatala?"

"Kuphiri."

"Kukapemphera?"

"Kukaona."

"Kukaona chiyani? Iwe, nthaka yanyowa lero! Mutu wako ukuyenda bwino?"

Ndinapalasa. Anapitiriza kulankhula kumbuyoko.

Njinga tinaisiya panyumba ina m'munsi mwa phiri. Ndinadula ndodo yaitali. Ine ndinagwira kutsogolo, iwo kumbuyo. Tinayamba kukwera ndi njira ya ng'ombe ija.

"Muzu."

"Ndaumva."

"Kwezani phazi. Linalo. Apa mpabwino."

Mawu athu anali amenewo. Nthaka inkanunkhira. Mapiko a ngumbi anali mbwee panjira, akumamatira kumapazi. Abongololo ankadutsa mosafulumira. M'zigwembe munali titagona timitambo ting'onoting'ono, ngati thonje lomwe mphepo yaiwala. Nyenje zinali zitaleka. Madontho ankagwa m'masamba, limodzi apa, lina uko.

Pamkuyu tinapuma. Thukuta linali litawanyowetsa, koma nkhope inali ina. Anagwiragwira mwala umene anakhalapo.

"Miyendo yakumbukira," anatero. "Ndili mtsikana ndinkakwera chonchi ndi mtsuko pamutu."

Kuchokera pamenepo inali njira yanga. Anazindikira msanga. Phazi lawo linkafufuza miyala osaipeza. Dzanja linakhudza chitsa cha minga chodulidwa kumene.

"Wadula apa ndani?"

"Anthu."

"Anthu ake a chikwanje chobuntha ngati chathu chija?"

"Muzu," ndinatero, ngakhale panalibe muzu.

Tinafika pathanthwe dzuwa litakwera pang'ono. Ine ndinayamba kuona, ndipo ndinaiwala kulankhula. Dziko lonse linali litatseguka. Madambo ankanyezimira ngati malata. Zigafa za fodya zinali ngati timabokosi ta machesi. Misewu yofiira inkapita, kupita, mpaka kusungunuka. M'minda monse munali anthu atawerama, ang'onoang'ono ngati nyerere, osamveka mawu. Mithunzi ya mitambo inkayenda pamwamba pawo mwakachetechete. Ndinakhala zaka zonsezo pansi apo osadziwa kuti ndimakhala pamalo otere.

"Abambo, mwandisiya. Ndikuona kumwamba kokha."

Ndinaima kumbuyo kwawo nkuwagwira mapewa. Ndinawatembenuza kuloza kumpoto, pang'onopang'ono, monga umatembenuzira mtsuko wodzaza.

"Tsitsani chibwano. Pomwe dziko lathera."

"Ndapapeza. Yendetsani. Pang'ono. Pang'ononso. Ayi, mwapitirira, bwererani."

Ndinabweza.

"Imani."

Mapewa anauma m'manja mwanga. Ine ndinayang'ana kodutsa pakhutu pawo. Kutali kwenikweni kunali kamzere kobiriwira, kotuwa pang'ono, kokwera ndi kutsika. Kaya anali mapiri, kaya mitambo ya mvula ya dzulo, sindikanatha kulumbira.

"Kukaya," anatero. M'chilankhulo chawo ndiko kunena kuti kumudzi. Anali asanalankhule Chitumbuka kwa ine kuyambira ana ali aang'ono. "Lija la linunda ngati ng'ombe. Pambali pake pali mpata. Mukuuona mpatawo? Njira ya kwa amayi imadutsa pamenepo. Lonse lakwana, abambo. Lonse, ndi mapazi ake omwe."

"Ine ndikuona kobiriwira chabe."

"Maso anu ndi otambalala. Mumaona zambiri nthawi imodzi, nchifukwa chake simuona kanthu."

Tinaima choncho nthawi yaitali. Manja anga anachita dzanzi koma sindinasunthe, kuopa kuti phirilo lingawapulumuke. Ankalankhula motsitsa, osati kwa ine. Ankatchula mitsinje, mitengo ya masuku, munda wa mawere wa bambo awo. Mphepo inkatenga mawu ena. Kabawi anadutsa pansi pathu, ndinaona msana wake. Ndinali ndisanaonepo msana wa kabawi akuuluka.

Kenako anapukuta nkhope ndi chitenje.

"Tsopano ndionetseni kwanu."

Ndinawatembenuza. Ndinafufuza dambo lathu, tchalitchi, mtengo wa mango wa pakhomo. Ndinawalozetsa.

"Minda yonse ili ndi anthu," anatero. "Koma pali umodzi wopanda munthu."

"Ulipo."

"Wa ndani?"

"Wa mlesi wina."

Anaseka mpaka kukhala pansi pathanthwe. Nane ndinakhala. Tinadya chinangwa chimene anamanga pachitenje. Pamene tinkanyamuka, mitambo inali itayamba kuunjikana kumpoto, ndipo kamzere kaja kanali katalowa m'kati mwake.

Fodya tinawokera mawa lake ndi mkuja. Mvula inadula sabata yathunthu. Tinathirira ndi keni, phando ndi phando, ine kutunga, iwo kuthira pomwe ndawaimika. Mbande zambiri zinapsa. Tinabwerezamo zotsalira za kunazale, zokalamba kale. Fodya wa chaka chimenecho anali wochepa ndi wopepuka. Akulu anga ankandikumbutsa nthawi iliyonse akadutsa pachigafa changa. Sankanama.

Diso lakumanja linatseka chimanga chisanaume. Linangotsala lozindikira kuti kwacha.

Mvula itatha, mwezi wozizira uja, ndinakweranso ndekha. Njira yanga inali itamera udzu wofika m'chiuno. Akazi anga sindinawauze kuti ndikupita. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi. Pathanthwe paja kunali kowala, kopanda mtambo ngakhale umodzi. Ndinaima pomwe tinaima, nkusuzumira m'chibakera.

Kamzere kanali pomwepo. Linunda, ndi mpata pambali pake.

Nditafika kunyumba ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza.

"Linalidi phiri," ndinatero.

Sanaleke kusenda.

"Inu mumayesa chiyani?"