Makona Atakana Kukumana

"Bambo ako akutuma kudzandiona kapena kudzandizonda?"

Anandifunsa choncho azakhali, ndisanakhale n'komwe pansi. Yankho anali nalo kale. Sukulu ndinali nditamaliza, ntchito kunalibe, ndiye panyumba ine ndinali wotumidwa. Bambo anamva mphekesera zoti maso a mlongo wawoyo ayamba kuchita chifunga. Anali atagwirizana ndi mwana wamkulu wa azakhali kuti zikakhala zoona, makina osokera agulitsidwe, chipinda chosokeramo chibwerere kwa mwini wake, azakhaliwo akakhale kwa mwanayo azikalera zidzukulu. Yanga inali kukaona n'kukanena.

Azakhali amasoka zofunda za zigamba. Mumsewu wawo wonse amangowatchula kuti Mayi a Zigamba, ngakhale ana amene sadziwa kuti chigamba n'chiyani. Chipinda chawo chili kuseri kwa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Muli zenera limodzi, makina awiri opalasa ndi miyendo, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi matumba a tizidutswa timene matelala amasesa akamaweruka. Ntchitoyi anaiyamba amuna awo atamwalira. Malemuwo anali telala wa mathalauza, ndipo anasiya makina, ana anayi ndi thumba la zotsala pansi pa tebulo. Mathalauza azakhali sankawatha. Anatenga zotsalazo n'kusokera ana chofunda. Namwino wina woyandikana nawo anachiona chili pachingwe, anafunsa ngati n'chogulitsa, basi ntchito n'kuyambira pamenepo.

Makina achiwiri ndi a alamu awo, mlongo wa malemu aja, mayi wamfupi amene pakamwa pake sipauma. Awiriwa asokera limodzi kuyambira ine ndisanabadwe. Amadula timabokosi ta nsalu potsatira kakatoni kamodzi, aliyense n'kutenga mulu wake, kusoka theka lake la chofunda, kenako n'kulumikiza matheka awiriwo pakati. Akalumikiza, makona a mbali iyi amayenera kugwera ndendende pa makona a mbali inayo.

Kuti zitero pali lamulo limodzi. Msoko uliwonse umadya kansalu pang'ono, kamene kamatsala kuseri pakati pa ulusi ndi mphepete. Azakhali amati msoko uli ngati mwana: usaupatse zambiri lero mawa n'kuumana, uzidya mofanana. Ukauonjezera kachidutswa kongofanana ndi chikhadabo, pamsoko umodzi sizioneka, koma chofunda chimakhala ndi misoko yosawerengeka, ndipo pofika kumapeto wataya chikhatho chathunthu. Tepi sankaigwiritsa ntchito. Muyeso wawo unali phazi la makina, kachitsulo kamene kamapondereza nsalu pansi pa singano. Mphepete ya nsalu ikamayenda molingana ndi mphepete ya phazi, msoko wadya zokwanira. Makina awiriwo anali a mtundu umodzi, mapazi ake ngati mapasa, ndiye zaka zonsezi matheka ankangokumana okha.

Za maso zinali zoona, koma azakhali sanauze munthu. Poyamba linawavuta bowo la singano. Kenako nsalu zakuda zinayamba kusungunukira m'chitsulo cha makina, makamaka kukachita mitambo. Anayamba kuika chala cha mkombaphala pambali pa phazi, n'kumamva ndi khungu ngati nsalu yalingana. Misoko inkatuluka yowongoka, ndipo ankadziuza kuti chala sichikalamba msanga.

Mwezi umodzi ine ndisanafike, phazi la makina awo linathyoka chala chimodzi. Anaitana wokonza makina, bambo wa njinga amene amamutcha Sipanala. Iye anavundula chitini chake cha zitsulo zakale, natulutsa phazi lina, nalimanga.

"Ndi lomwelo?" anafunsa azakhali.

"Mayi, phazi ndi phazi, bola liponde," anatero Sipanala akupukuta manja pathalauza.

Linapondadi. Azakhali analiyang'ana, linaoneka ngati lakale lija, ndipo anayamba chofunda chachikulu chimene mphunzitsi wina anaitanitsa kuti akapatse mwana wake wolowa m'banja. Tsiku limene ndinafika ine ndi limene ankalumikiza matheka.

Anayala matheka awiriwo patebulo, wina kugwira uku wina uko. Makona oyamba anakumana. Achiwiri anasemphana pang'ono. Pofika kumapeto, theka la alamu linali kulendewera zala zinayi kupitirira la azakhali.

"Alamu, chofunda chanu chili ndi njala," anatero alamu aja. "Kapena mwana wa aphunzitsi akukwatiwa ndi munthu wa mwendo umodzi waufupi?"

"Mwakoka nsalu inuyo posita."

"Ine? Simbi yomweyi, dzanja lomweli, chimwalirireni achimwene. Kokani tione ngati ikule."

Azakhali anakoka. Nsalu inakana. Anachotsa manja patebulo n'kukhala pampando wa makina, osayang'ana komwe ndinakhala ine. Mumtima anali atagamula kale. Ankadziwa amayi ena amene anasiya kusoka: zimayamba chonchi, chofunda chimodzi chokhota, kenako anthu amakupatsa moni wabwino koma ntchito n'kumapereka kwina. Anaona nyumba ya mwana wawo, khonde lake losesedwa bwino, iwo atakhala pamenepo manja ali pamiyendo kudikira kuti mwana wa sukulu abwere. Ndipo mboni inali itakhala pathumba la zigamba pakona, maso ali tong'o.

"Mwina nthawi yakwana," anatero.

"Nthawi yanji? Ya tiyi?" Alamu anali atatembenuza theka la azakhali, akuyang'ana kuseri kwake, mphuno ili pafupi ndi nsalu. Anayenda ndi chikhadabo msoko umodzi, wachiwiri, wachitatu. "Munthu wosaona amasoka ngati woledzera, uku walowa uku watuluka. Iyi misoko ili njo, yonse yofanana. Yangonenepa basi. Yonse yadya mopitirira, koma mofanana. Mwaidyetsa chiyani?"

Anatenga kasikuludalaiva m'kabati ya makina, namasula phazi la makina awo, namasulanso la azakhali, naika awiriwo mogundanitsa pachikhatho. La Sipanala linali lotambalala kuposa linzake, pang'ono pokha, ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi.

"Wakuba nsalu ndi uyu," anatero alamu. "Sipanala ameneyu adzandipeza. Phazi ndi phazi! Bwanji iyeyo savala nsapato za mkazi wake?"

Anaseka okha mpaka kutsokomola. Azakhali anatenga mapazi awiriwo n'kuwapapasa. Chala chinawauza nthawi yomweyo kuti ndi osiyana. Anawabweretsa pazenera, ndipo maso anati ndi ofanana. Kale akanazindikira pamsoko woyamba, asanadule n'komwe ulusi. Tsopano anali atasoka theka lathunthu la chofunda osaona kanthu. Mlandu unachoka pa iwo n'kupita kwa Sipanala, koma sanasangalale.

"Sindinalione, alamu," anatero motsitsa mawu. "Mwezi wathunthu lili pamaso panga."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa chiyani?"

"Mumayesa ulusi umalowa wokha pasingano yanu mukapita kukatunga madzi a simbi? Chaka chino chonse ndine mngelo wake. Ndimangoona mukubwera n'kunena kuti, aa, kani ndinalowetsa kale."

Azakhali anaika mapazi awiriwo patebulo.

"Simunandiuze bwanji?"

"Inu munandiuza?"

Alamu ananena kuti angosokerera kansalu kowonjezera kumapeto kwa theka lalifupilo, mphunzitsi sangadziwe. Azakhali anakana. Anati makona osakumana amaoneka munthu ali pakhomo, ndipo chofunda chotero sichituluka m'chipinda chawo iwo akupuma. Anatenga kalumo n'kuyamba kumasula misoko yawo, umodzi umodzi, akumva ulusi ndi chala. Alamu anang'ung'udza kuti moyo wawo wonse waonongeka chifukwa chokwatitsa achimwene awo kwa munthu wamakani, kenako anakoka mpando n'kuyamba kumasula kuchokera mbali inayo.

Atatopa, alamu anadula timizere ta katoni, natisanja pamwamba pa tinzake mpaka tinakhala ngati kampanda. Anayeza kuchokera pasingano ndi phazi lawo lakale, namata kampandako pachitsulo cha makina a azakhali. Anamatanso kena pa makina awo omwe, kuti muyeso ukhale umodzi ngakhale Sipanala atabweretsa phazi la njovu.

"Nsalu izingokhudza apa. Musayang'ane, muzimva."

Azakhali anatenga timabokosi tiwiri, kofiira ndi kakuda, natitsamiritsa pakampandako, napalasa. Alamu anasoka tawo tiwiri. Anaika pamodzi, makona n'kugwerana.

"Mwaona? Ngakhale mutatsinzina," anatero alamu. "Koma kuchipatala cha maso mupita. Ndikuperekezani ndine, ndipo mukavala magalasi mudzaona mmene ndakongolera zaka zonsezi."

"Ndiye bola ndisapite," anatero azakhali, akutenga timabokosi tina.

Sanandiuze zoti ndikanene kapena zoti ndibise. Ndikutsanzika anangoti ndikapereke moni, mapazi ali pachopalasira.

Panjira ndinayesa kukonza mawu. Ndikanena kuti maso akuvuta, ndanena zoona, ndipo makina agulitsidwa. Ndikanena kuti linali phazi la Sipanala, ndanenanso zoona, koma theka lake. Kunyumba ndimafuna nthawi zonse kuti anthu andimvere ndikamalankhula, ndipo tsiku limenelo akanandimvera onse. Koma ndinaona kuti nkhani ya moyo wa munthu wamkulu siyenera kugamulidwa ndi zimene mwana wanena ataima pakhomo. Ndisanafike pageti ndinatsimikiza kuti sindipereka lipoti lililonse. Bambo ndiwauza kuti ngati akufuna kudziwa za maso a mlongo wawo, avale nsapato apite okha, akakhale pathumba la zigamba lija mpaka chofunda cha aphunzitsi chithe, kenako akawafunse eni ake zimene akufuna.