Achimwene Anandituma Kukayezetsa

Achimwene anga aakulu anali dalaivala wa minibasi ya ku Chilomoni kwa zaka zambiri. Ine ndinali mphunzitsi wa pulaimale ku Zingwangwa. Tinkasiyana zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chifukwa amalume athu onse anali kumudzi, ine ndi amene ndinali nkhoswe ya banja lawo m'tauni muno.

Loweruka lina masana alamu anga anabwera kunyumba kwanga nkhope ili gwa. Anakana mpando, nakhala pansi pakhonde.

"Alamu, abale anu aja akuyendayenda," anatero. "Atenga matenda. Akalowa m'chimbudzi satulukamo msanga, ndimawamva akubuula. Ndikafunsa amangondikalipira. Munthu wamkulu ngati uja, wazidzukulu!"

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinakwera phiri kupita kwawo. Ndinakhala pakati pa awiriwo ngati woweruza, ndipo lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene ndinayankhulira. Ndinawauza achimwene kuti ngati agwa m'tchimo angovomera, tikagule mankhwala a chinzonono, nkhani ithe. Iwo anangoyang'ana pansi.

"Iwe, sindinagonepo ndi mkazi wina ayi," anatero motsitsa mawu. "Mkodzo ndi umene ukundivuta. Umandipana kwambiri, koma ndikafika kumeneko umangodontha. Ndikatuluka ndimamva ngati watsalira."

Sitinawakhulupirire. Kuyambira tsiku limenelo alamu anayamba kuyala mphasa yawo pabalaza.

Kuntchito nakonso zinkavuta. Ulendo wochoka ku Chilomoni kufika m'tauni si wautali, koma iwo ankaimika minibasi pakati panjira n'kuthamangira kuseri kwa mpanda wa anthu. Okwera ankakuwa kuti achedwa kuntchito, ena ankawanena kuti aledzera. Mwini galimoto atamva, anaipereka kwa dalaivala wina. Achimwene anakhala pakhomo, akumwa zitsamba za m'mabotolo zogula pamsika wa Ndirande. Kenaka msana unayamba kuwawa, ife n'kumati ndi zaka zonse zija anakhalira pa chiwongolero.

Panadutsa chaka ndi miyezi. Tsiku lina m'mawa mkodzo unatsekeratu, mimba inatupa, ndipo tinawanyamula kupita nawo kuchipatala chachikulu. Anawaika kapaipi, mkodzo unadzaza thumba. Atawayeza magazi ndi kuwajambula, adokotala anatiitanira ine ndi alamu m'kachipinda. Anali bambo wa imvi, woyankhula pang'onopang'ono. Anajambula papepala chikhodzodzo, ndi kanthu kena kozungulira pansi pake.

"Aka timakatchula pulositeti," anatero. "Mwamuna aliyense ali nako. Njira ya mkodzo imadutsa pakati pake, ndiye kakatupa kamafinya njirayo. Kwa amuna ambiri okalamba kamangotupa chabe. Koma kwa bambowa muli khansa, ndipo yafika kale m'mafupa. N'chifukwa chake msana ukuwawa."

Alamu anafunsa kuti, "Adokotala, si matenda otenga kwa akazi?"

"Ayi mayi. Sanawatenge kwa munthu aliyense."

Alamu anaphimba nkhope ndi chitenje. Adokotala anati angathe kuchepetsa ululu ndi kuichedwetsa khansayo, koma kuichotsa kunali kosatheka. Tikutuluka anandigwira pamkono n'kundifunsa ngati ndinali mbale wawo wa bere limodzi, ndiponso zaka zanga. Ndinati makumi asanu ndi zitatu.

"Mubwere tidzakuyezeni inunso. Matendawa amakonda kuyenda m'banja, ndipo poyamba sapweteka. Musadikire kuti mumve kanthu."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Ndinali nditamva kwa anzanga pa bawo kuti poyeza amakulowetsa chala kumbuyo, ndipo ndinati ine zimenezo ayi. Komanso ndinkadya bwino, ndinkayenda wapansi kupita kusukulu, sindinkamva kupweteka paliponse.

Achimwene anabwerera kunyumba ndi kapaipi kaja. Alamu anawasamalira kuposa mmene ndinaonerapo munthu akusamalira mnzake. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwakhuthulira thumba. Tsiku lina ndinawapeza atagwada pambali pa bedi akupepesa, achimwene akuwasisita pamutu n'kumati, "Basi mayi, zinatha zimenezo." Nanenso ndinapepesa tsiku lomwelo. Achimwene anaseka pang'ono, nati nkhoswe yawo inali yopanda nzeru kuyambira kale.

Kenaka anandifunsa, "Unapita kuja anakuuza adokotala?"

Ndinati ntchito yachuluka, ana akulemba mayeso.

"Usandinamize. Ukuopa chala." Anakweza bulangete n'kundionetsa miyendo yawo. Inali itatha, mafupa okhaokha. "Ine manyazi omwewo ndi amene andigoneka pano. Lero mkazi wanga amandipukuta ngati khanda, manyazi aja ali kuti? Upite Lolemba. Ukabwere kuno undiuze zimene akupeza. Ukapanda kupita usadzalowenso m'nyumba muno."

Achimwene sanali munthu woopseza chabe. Lolemba ndinapempha tchuthi kwa ahedi, ndipo ndinakakhala pa benchi pamodzi ndi amuna ena, aliyense atayang'ana nsapato zake. Ananditenga magazi pamkono. Kenaka adokotala anandiuza kuti ndigone cham'mbali ndipinde mawondo. Anavala magolovesi, nandifunsa za sukulu yanga, ndipo ndisanamalize kuyankha anali atatha. Sizinali zokoma, koma sizinafike ndi mphindi imodzi yomwe. Ndinavala buluku langa ndikudzifunsa kuti kodi chimene ndinathawa miyezi itatu n'chimenechi?

Zotsatira za magazi zinatuluka zokwera, ndipo adokotala anati chala chawo chinakhudza kamalo kolimba. Anandipatsa tsiku lina loti adzatenge timinofu tating'ono kuti akatiunike. Kudikira kwake kunali kwa milungu ingapo. Ndinkaima kutsogolo kwa kalasi choko chili m'manja, n'kuiwala chimene ndimafuna kulemba. Mkazi wanga ndinamuuza zonse kuyambira tsiku loyamba, chifukwa ndinali nditaona zimene kubisa kunachita m'nyumba ya achimwene.

Anaipeza khansa. Inali yaing'ono, isanatuluke m'kachiwalo kaja.

Ndinachoka kuchipatala kulunjika ku Chilomoni. Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuwauza. Anatseka maso nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu.

"Ndiye akuti achotsa?"

"Akuti achotsa, achimwene."

"Chabwino. Iwe ukhala ndi moyo."

Anamwalira mwezi wa mvula zoyamba, ine ndisanalowe m'chipinda cha opaleshoni. Opaleshoniyo inayenda bwino, ngakhale kuti kwa miyezi ingapo mkodzo unkandipulumuka ndikatsokomola, ndipo zina za m'banja sizinabwerere mmene zinalili. Sindibisa zimenezi, chifukwa amuna akandifunsa amafuna kumva zoona.

Tsopano ndinapuma pantchito. Ndimapitabe kukayezetsa magazi nthawi imene andiuza, ndipo mpaka lero akuti zili bwino. Achimwene anasiya ana aamuna awiri, wamkulu ali ndi zaka zopitirira makumi anayi ndipo amawotcherera zitsulo ku Machinjiri. Mwezi wathawu ndinapita kushedi kwake, ndinamuuza kuti azimitse makina, tikhale pansi. Ndinamufotokozera za bambo ake ndi za ine, popanda kuzungulira. Anamvetsera akupukuta manja ndi kansanza, kenaka anati aganizira.

Ndinamuuza kuti aganize ndithu, koma Lachitatu m'mawa ndidzamupeza pa siteji, tidzakwerere limodzi kupita kuchipatala kukayezetsa. Anabwera.